Anapereka mawu, mayina awo n'kutsala kunja kwa chikuto

Mukaima pamsika wa Matawale ku Zomba m'mawa, matemba a ku Chilwa akutsitsidwa panjinga, chimene chimadzaza m'makutu ndi Chichewa. Mukatchera khutu bwino mumva gogo wina akulonjera mnzake m'Chiyao kuti, "Ajimwiche uli?" Chilomwe chimamveka mwa apo ndi apo, makamaka pakamwa pa achikulire. Zilankhulozi zinalowa m'mabuku mwa njira imodzi: wina ankafunsa atagwira cholembera, mwini chilankhulo n'kumayankha mpaka kukhosi kuuma.

Ntchitoyi inayambira kutali, ndipo ena mwa oyamba kuyankha anali anthu ogwidwa ukapolo. Ku Freetown, m'dziko la Sierra Leone, mmishonale wa ku Germany Sigismund Koelle ankafunsa akapolo omasulidwa mawu pafupifupi 300, omwewomwewo kwa aliyense, kuti athe kufananitsa zilankhulo. M'buku lake la Polyglotta Africana la 1854 muli mawu a Amaravi ndi a Ayao.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya Salimini. Iye kwawo kunali cha kudera la Lilongwe, anagwidwa ukapolo n'kukapezeka pafupi ndi Mombasa, kumene anakumana ndi mmishonale Johannes Rebmann cha m'ma 1853. Rebmann sanapondeko kwathu kuno. Zonse zimene analemba, mayina a mitsinje, a zakudya, miyambi ndi miyambo, zinachokera m'mutu mwa munthu amene ankakumbukira mudzi woti sadzauonanso. Dictionary of the Kiniassa Language inatuluka mu 1877, Rebmann atamwalira kale, ndipo amene anaikonza ndi Ludwig Krapf. Anthu ambiri amalitchula kuti buku la Rebmann, koma Chichewa chili m'menemo ndi cha Salimini.

Kenako ntchito inafika kuno. Alexander Hetherwick anatsegula mishoni ya Domasi mu 1884, ndipo mu 1889 anatulutsa buku lophunzitsa Chiyao. Ku Blantyre, David Clement Scott anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892. Aphunzitsi, otanthauzira ndi akuluakulu a m'midzi amene anakhala nawo pakhonde masiku osawerengeka, ambiri a iwo sadziwika mayina. Zinthu zinatembenuka pang'ono mu 1919, pamene makina a boma osindikizira mabuku ku Zomba anatulutsa Chiikala cha Wayao. Wolemba anali Yohanna Abdallah, wansembe wa Anglican, Myao mwiniwake, amene anafunsa akuluakulu a mtundu wake n'kulemba m'chilankhulo chawo. Meredith Sanderson, amene analimasulira m'Chingerezi, anadzatulutsanso dikishonale ya Chiyao ku Zomba komweko mu 1954.

Woyankha mmodzi yekha anadzatchuka kuposa womufunsa. Ku Chicago, Mark Hanna Watkins analemba galamala ya Chichewa ya 1937 pofunsa wophunzira wa ku Kasungu, Hastings Kamuzu Banda. Apa pali phunziro limene ofufuza amalidziwa bwino: ukadalira munthu mmodzi, umalemba malankhulidwe a kwawo kokha. Cha ku Kasungu si cha ku Zomba. Banda yemweyo atakhala mtsogoleri, Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968, Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972, ndipo zilankhulo zina zinachotsedwa pawailesi ndi m'sukulu. Kwa zaka zoposa 20, Chiyao ndi Chilomwe zinangotsala za kunyumba.

Mu 1996 Yunivesite ya Malawi inakhazikitsa Centre for Language Studies ku Zomba m'malo mwa bungwe lija, ndipo inapatsidwa udindo wosamalira zilankhulo zonse za m'dziko muno. Inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, inakonza malamulo a kalembedwe ka Chiyao ndi Chitumbuka, ndipo ofufuza ake anayenda m'maboma kufunsa kuti m'mudzi wakutiwakuti mumalankhulidwa chiyani.

Kafunsidwe kake sikanasinthe kwenikweni. Wofufuza amayamba ndi mawu a tsiku ndi tsiku. Madzi mumati chiyani? Myao ayankha kuti mesi. Kenako ziwalo za thupi, manambala, mayina a achibale. Zovuta zimayambira pa kakwezedwe ka liwu. Tchulani mtengo wa mango, kenako mtengo wa matemba: zilembo n'zofanana, koma liwu limakwera pa woyamba ndipo silikwera pa wachiwiri. Khungu la pathupi ndi khungu la wosaona n'chimodzimodzi. Amishonale ambiri sankalemba kusiyana kumeneku, n'chifukwa chake lero wofufuza amajambula mawu, amapempha woyankha kubwereza katatu, mawa n'kukafunsanso wina wa mudzi wina. Akatopa ndi mndandanda amazimitsa mafunso n'kupempha nthano, kapena kuti mayi afotokoze mmene amafululira thobwa. Mawu enieni amatulukira pamenepo, munthu ataiwala kuti akujambulidwa.

Chilomwe ndicho chikufuna changu. Alomwe anabwera ambiri kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1900, ndipo kunyozedwa kumene anakumana nako kunachititsa makolo ambiri kulera ana m'Chinyanja. Akatswiri a ku Chancellor College monga Edrinnie Kayambazinthu ndi Alfred Matiki analemba za kuchepa kwa olankhula chilankhulochi. Bungwe la Mulhako wa Alhomwe labwezeretsa kunyada, koma kuvina tchopa ku Chonde kamodzi pachaka sikuphunzitsa mwana kusiyanitsa Chimihavani ndi Chikokhola.

Inu amene muli ndi agogo olankhula Chilomwe kapena Chiyao ku Matawale, ku Chinamwali kapena ku Jali, foni muli nayo m'thumba. Apempheni chilolezo, muwajambule akusimba nthano kapena mbiri ya ulendo wa makolo awo. Mukamaliza, lembani tsiku, mudzi wawo ndi dzina lawo lonse.