Azamba a Kwathu: Kuchokera M'chikuta Kufika Kuchipatala



Mukafunsa agogo a m'midzi ya kwa Kuntaja ndi kwa Kunthembwe ku Chileka, kapena a kwa Lundu ndi kwa Chigaru cha ku Lirangwe, kuti anabadwira kuti, ambiri sangakutchulireni chipatala. Adzakuuzani za nyumba ya udzu imene inagwa kalekale, ndi za mayi wachikulire amene anawalandira m'manja mwake. Mayi ameneyo ndiye mzamba. Sabata ino tiyeni tione mbiri ya ntchito yake, chifukwa ambiri a ife tidzakhala makolo posachedwa, ndipo mafunso amene agogo athu anakumana nawo atipeza ifenso.

Kale mzamba sankaphunzira ntchito yake m'kalasi. Ankaiphunzira poperekeza amayi ake kapena azakhali ake usiku, atanyamula nyali. Ankadziwa kusisita mimba, kulimbitsa mtima mtsikana wa mimba yoyamba, kudula mchombo, ndi kusamalira mayi m'chikuta kufikira mchombo wa khanda utagwa. Malipiro ake anali nkhuku, lichero la ufa kapena sopo. Ankadziwanso mitengo: masamba a bulugamu ofukizira chimfine, khungwa la muwawani la m'mimba, ndi ndiwo za chammwamba zopatsa mphamvu mayi woyamwitsa. Pamene kunalibe galimoto yopita ku Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, kapena ku chipatala cha mishoni cha Mlambe ku Lunzu, mudzi unkadalira iyeyo.

Koma tisabise mbali yowawa ya mbiriyi. Mchombo wodulidwa ndi chitsulo chosaphitsa unkabweretsa kafumbata. Mayi akachedwa kuchira, ena ankamukakamiza kuulula amuna amene anayenda nawo, m'malo mothamangira naye kuchipatala. Mwana akapingasa m'mimba, kapena magazi akayamba kutayika kwambiri, mzamba analibe chochita. Ndiponso panali mwanamphepo, mankhwala a zitsamba ofulumizitsa matenda a uchembere. Mphamvu yake ilibe muyeso wodziwika, ndipo anamwino akhala akuchenjeza kuti amatha kufinya chiberekero mopitirira mpaka kung'ambika.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, boma linasankha njira yophunzitsa azamba osati kuwathamangitsa. Linawapatsa malezala atsopano, sopo ndi malangizo a ukhondo, komanso kuwaphunzitsa zizindikiro zoopsa zofunika kutumiza mayi kuchipatala. Maiko ambiri osauka anachita chimodzimodzi, makamaka utatha msonkhano wa zaumoyo wa ku Alma-Ata mu 1978. Komabe imfa sizinatsike monga ankayembekezera. Kafukufuku wa boma wa m'chaka cha 2000 anapeza kuti amayi 1,120 pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo ankamwalira pa zifukwa za uchembere, ndipo wa 2004 anapeza 984.

Pachifukwa ichi, mu 2007 boma linaletsa azamba kubereketsa. Lamulo linali ndi cholinga chabwino, koma silinafupikitse mtunda wochokera kumudzi kupita kuchipatala. Azamba ena anapitiriza ntchito mobisa, ndipo zinthu zikavuta ankaopa kutumiza mayi kuchipatala kuopa chilango. Mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika, atabwera ku msonkhano wa bungwe la United Nations ku New York, ananena kuti azamba aphunzitsidwe osati kuletsedwa. Mu 2012 Mayi Joyce Banda atatenga utsogoleri anakhazikitsa ndondomeko ya uchembere wabwino, nadalira kwambiri mafumu. Midzi yambiri inaika malamulo olipiritsa mbuzi kapena nkhuku banja limene mayi wachirira pakhomo, ndipo pa zipatala zina panamangidwa nyumba zodikiriramo amayi oyembekezera.

Zotsatira zake zinaoneka. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anasonyeza kuti ana 91 pa 100 aliwonse ankabadwira kuchipatala, pamene mu 1992 anali 55 okha, ndipo imfa za amayi zinatsika kufika pa 439. Chinanso chimene chikuta sichikanatha kupereka ndi chitetezo ku kachilombo ka HIV. Mu 2011 dziko la Malawi linayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo kwa mayi aliyense woyembekezera amene wapezeka ndi kachilomboka, kuti mwana abadwe wopanda matenda. Izi zimatheka pokhapokha mayi akapita ku sikelo.

Nanga kudzidalira kwa banja kuli pati? Sikuli pa kukana chipatala, ndipo sikuli pa kunyoza agogo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mzamba wakale amene lero amaperekeza mayi ku chipatala cha Chileka kapena cha Lirangwe nthawi isanathe, namulangiza za kadyedwe ndi kayamwitsidwe, akupitiriza ntchito imene anayamba, yosunga moyo. Banja lodzidalira ndi limene labzala chammwamba, mapapaya ndi mandimu pakhomo, lasunga ndalama ya kabaza miyezi isanakwane, ndipo likudziwa kuti kutaya magazi, kutupa nkhope ndi manja, mutu waukulu kapena kukomoka si za mizu ayi.

Anyamata, nkhaniyi si ya atsikana okha. Kuperekeza mkazi ku sikelo si chamanyazi. Atsikana, ngati apongozi kapena azakhali akupatsani mwanamphepo, akanizeni mwaulemu ndipo auzeni anamwino zonse zimene mwamwa. Ndipo tonse, sabata ino tikacheze ndi agogo amene anali azamba. Tikawafunse mayina a mitengo imene ankagwiritsa ntchito, ana amene anawalandira, ndi amayi amene anawataya. Tilembe zimene atiuze akadali moyo.