Tsiku limodzi mumsewu wa ku Bandawe

Tinanyamuka ku Mzuzu tambala atangolira, anthu khumi ndi awiri m'minibasi ya hayala, aliyense ndi kamba wake. Potsetsereka mapiri tinaima pa Mpamba, pomwe amayi amayala nthochi, nanazi ndi chinangwa m'mbali mwa msewu. Anzanga anagula ngati kwawo kuli njala. Patsogolo, titakhotera kumwera, tinalowa mumthunzi wa mitengo ya labala ya ku Vizara, anyamata akutithamangira ndi mipira yopota ndi utomoni wa mitengo yomweyo. Mnzathu wina anati chuma cha boma lino ndi labalayu ndi tiyi wa ku Kawalazi. Ine ndinakana. Chimene dera lino latumiza kunja kwambiri ndi anthu.

Nkhani yake imayambira pa Chintheche, pamene tinadyera kondowole ndi usipa. Cha m'ma 1870 Atonga amene anali pansi pa Angoni a Mbelwa anathawira kunyanja kuno, namanga malinga. Angoni atawalondola anagonjetsedwa pa Chintheche pomwepa. Komabe mantha sanathe, ndipo pamene Dr Robert Laws anasamutsa mishoni kuchoka ku Cape Maclear kubwera ku Bandawe mu 1881, mafumu a Chitonga anaona kuti mzunguyu angakhale chishango. Anapereka ana awo kusukulu mosanyinyirika. Mmene likulu la mishoni linkasamukira ku Khondowe mu 1894, kuno kunali kale anyamata odziwa kulemba kalata ndi kuwerengera ndalama.

Nanga munthu wodziwa kulemba akhalirenji pamudzi kumangokumba chinangwa, msonkho wa nyumba ukumudikira? Anapita. Ena ku Salisbury, ena ku Joni, ukalaliki, ukapitawo, ukhukhi. Amene sanabwerere tinawapatsa dzina loti machona.

Pa Bandawe tinazungulira tchalitchi chakale cha njerwa, kenaka manda a amishoni amene malungo anawatenga akadali achinyamata. Apa anzanga anajambulitsa zithunzi zambiri. Koma mishoniyi inaleranso ana oiwukira. Elliot Kamwana anabwerako ku Cape Town mu 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower, akulalikira kuti mu 1914 kudza dziko latsopano lopanda msonkho. M'miyezi yowerengeka anabatiza anthu oposa 9,000, popanda kuwadikiritsa zaka m'kalasi monga ankachitira amishoni. Boma la atsamunda linamuchotsa mu 1909, ndipo anadzaloledwa kubwerera mu 1937, atakhalako mpaka ku zilumba za Seychelles.

Wina ndi Clements Kadalie, wobadwira pa Chifira, pafupi ndi Bandawe, cha m'ma 1896. Anaphunzira uphunzitsi ku Livingstonia, nachoka mu 1915 kukasaka ntchito kumwera. Mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU padoko la Cape Town, ndipo chaka chomwecho anatsogolera sitalaka ya onyamula katundu padokopo. Pofika 1927 bungweli linali ndi mamembala pafupifupi 100,000, lalikulu kuposa gulu lililonse la anthu akuda ku South Africa panthawiyo. Tangoganizani, mwana wa kumchenga kuno kuimitsa tsitsi eni migodi ndi mafamu! Pambuyo pake bungwelo linang'ambika ndi mikangano ya atsogoleri ndi ya ndalama, ndipo Kadalie naye sanali woyera pa zimenezi. Anamwalira ku East London mu 1951, mchona ngati anzake.

Ndinapempha adalaivala kuti tiime pa Chifira ngakhale mphindi zisanu.

"Achimwene, pali chiyani pamenepo? Anthu akufuna kukasamba ku Kande dzuwa lisanalowe."

Tinadutsa osaima. Pawindo ndinaona minda ya chinangwa, maukonde oyanika, ndi agogo ena atakhala pakhonde akuyang'ana msewu. Ku Kande madzi anali ofunda, ndipo nane ndinasamba.