Kuundana kwa madzi m'mapaipi a galimoto zogonamo

Galimoto yogonamo ndi galimoto yomwe mkati mwake muli bedi, pophikira, posambira ndi chimbudzi, moti mwini wake amayenda ndi nyumba yake. M'dziko muno galimoto zoterezi zimabwera kwambiri ndi alendo odzaona malo ochokera ku South Africa ndi ku Ulaya, ndipo zimaoneka mumsewu wa M5 zikukhotera kugombe la nyanja ku Kande, Mwaya, Chintheche ndi pa Nkhata Bay. Kunyanjako madzi saundana chaka chonse. Vuto limadza mlendo kapena dalaivala wake akadzaza thanki pa Mwaya m'mawa, n'kuuyamba ulendo wodzera ku Mzuzu, Rumphi ndi chipata cha Thazima kukagona pa Chelinda, pamwamba pa Nyika.

Nyanja ya Malawi ili pa mtunda wosakwana mamita 500 kuyerekeza ndi nyanja yamchere, pomwe Chelinda ali pa mamita pafupifupi 2,300. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse omwe munthu wakwera, kotero ulendo wa tsiku limodziwu umatsitsa kutentha ndi madigiri oposa 10. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu chimagwa pa Nyika mpaka udzu kuyera mbuu m'mamawa. Usiku woopsa kwambiri si wamitambo ndi mphepo ayi, koma wopanda mtambo, wabata, nyenyezi zili ngwee, pakuti nthaka imataya kutentha kwake msanga ndipo mpweya wozizira umatsetserekera m'madambo n'kukhazikika m'menemo. Woimika galimoto m'dambo pafupi ndi mtsinje amakumana ndi chisanu choposa cha mnzake yemwe waima chakumtunda pang'ono.

Chifukwa chake paipi imaphulika

Madzi amaundana kutentha kukafika pa digiri 0, ndipo akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 aliwonse. Ambiri amaganiza kuti paipi imang'ambika pamalo pomwe paundanapo, koma kawirikawiri sizitero. Madzi oundana amatseka paipi ngati chitsekerero cha botolo, ndipo akamakula amakankha madzi omwe atsala pakati pa iwo ndi mpopi wotseka. Madziwo, posowa kothawira, amapanikiza paipi mpaka pofooka pagonje. M'galimoto yogonamo, momwe mapaipi ake ndi apulasitiki, pogonja pamakhala polumikizira, pa sefa ya pampu, pampopi weniweniwo kapena m'chotenthetsera madzi chomwe ambiri amangoti giza.

Mapaipi a m'nyumba amatetezedwa ndi nthaka komanso khoma. A m'galimoto ndi ang'onoang'ono, ena amadutsa kunsi kwa galimoto komwe mphepo imawomba mwaufulu, ndipo madzi a m'menemo ndi ochepa moti sachedwa kuzizira. Thanki yodzaza imatenga nthawi yaitali kuti iundane, ndipo usiku umodzi wa pa Nyika nthawi zambiri suikwanitsa. Zoyamba kugwidwa ndi timapaipi ta kunsi, paipi yotulutsira madzi akuda ndi payipi yotungira madzi yomwe yasiyidwa panja ili yodzaza.

Kupewa

Njira yodalirika kuposa zonse ndi kukhetsa madzi, popeza paipi yopanda kanthu singaphulike. Galimoto imaimikidwa pamalo osapendekeka, pampu n'kuzimitsidwa, kenako mipopi yonse imatsegulidwa pamodzi ndi potulutsira madzi pa thanki ndi pa giza. Mpopi wosakaniza madzi otentha ndi ozizira umasiyidwa chogwirira chili pakati kuti mbali zonse ziwiri zikhe. Shawa imatsitsidwa pansi kuti madzi a m'paipi yake atuluke. Madzi akatha, pampu imayatsidwa kwa kanthawi kochepa chabe kuti ilavule otsalira, chifukwa kuilizitsa nthawi yaitali ilibe madzi kumaiwononga. Mipopiyo imagona yotsegula, ndipo madzi akumwa ndi ophikira amasungidwa m'zigubu mkati mwa galimoto, zosadzaza mpaka pakamwa.

Galimoto zina zochokera ku Ulaya zili ndi valavu yomwe imatseguka yokha kutentha kukatsika kufika pa madigiri pafupifupi 3, n'kutaya madzi onse a m'giza. Wosaidziwa akadzuka n'kupeza chithaphwi pansi pa galimoto amayesa kuti china chabooka, chonsecho valavuyo yagwira ntchito yake. Choyenera kukumbukira n'chakuti pampu ikasiyidwa yoyaka imapitiriza kukoka madzi mpaka thanki yonse kuthera pansi.

Yemwe sakufuna kukhetsa madzi ayenera kusunga kutentha mkati. Chotenthetsera cha m'galimoto chimasiyidwa choyaka pang'ono usiku wonse, zitseko za makabati momwe mukudutsa mapaipi zili zotsegula kuti mpweya wofunda ufikemo. Mapaipi a kunsi amakutidwa ndi thonje la pulasitiki lopangidwira ntchitoyi, ngakhale kuti chokutiracho chimangochedwetsa kuzizira, sichibweretsa kutentha. Apa gasi amakhumudwitsa ambiri. Wa mtundu wa butane amasiya kusanduka mpweya kutentha kukayandikira digiri 0, ndiye kuti chitofu ndi chotenthetsera zimazima pa nthawi yomwe zikufunika kwambiri, pomwe wa propane amagwirabe ntchito mpaka pa madigiri pafupifupi 40 kunsi kwa 0.

Mankhwala oletsa kuundana ali mitundu iwiri ndipo kuwasokoneza kumapha. Othira mu rediyeta ya injini amakhala ndi ethylene glycol, poizoni wotsekemera yemwe amawononga impso, ndipo sayenera kuyandikira thanki kapena paipi ya madzi akumwa. Opangidwira mapaipi a galimoto zogonamo amakhala ndi propylene glycol. Ngakhale amenewa, pa ulendo wa masiku ochepa n'kwanzeru kungowathira m'mabowo otulukira madzi akuda basi.

Madzi akaundana kale

Chizindikiro chake n'chakuti mpopi umatsegulidwa koma madzi satuluka, kapena amangodontha, pampu ikulira. Choyamba ndi kuzimitsa pampuyo, chifukwa ikapitiriza kukankha madzi otsekeka ikhoza kupsa. Mipopi imatsegulidwa kuti madzi osungunuka apeze njira, ndipo kutenthetsa kumayambira kumpopi kubwerera cha ku thanki. Nsalu zoviika m'madzi ofunda, botolo la madzi otentha lokulunga m'chitenje kapena makina oumitsira tsitsi ndi zokwanira. Madzi owira sathiridwa pa paipi ya pulasitiki, ndipo lawi la moto, kaya la kandulo, nyali kapena chitofu, silifika pafupi chifukwa pansi pa galimoto pamadutsanso mapaipi a gasi ndi mafuta.

Mbaula ya makala, yomwe kwa Mmalawi ndi yankho loyamba la chisanu, isalowe m'galimoto. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, ndipo m'kachipinda kotseka mawindo umagonetsa munthu tulo tosadzuka nato.

Pa Nyika chisanu sichikhalitsa masana. Kutembenuza galimoto kuti mbali ya mapaipi iyang'ane kum'mawa ndi kudikira kuti dzuwa likwere kumathetsa vutoli nthawi zambiri popanda kugwira chida. Kuwonongeka kumaonekera madzi akasungunuka: mipopi yonse ikatsekedwa koma pampu n'kumangoyaka yokha pakanthawi, ndiye kuti penapake pakudontha, ndipo polumikizira paliponse payenera kupapasidwa ndi dzanja louma. Zipangizo zosinthira n'zosowa kumtundako, ndipo pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchoka pa Chelinda kufika pa Thazima palibe sitolo ya mapaipi, n'chifukwa chake oyenda mwanzeru amanyamuliratu kachidutswa ka paipi, zolumikizira ndi zomangira.

Zomwezi zikukhudza Amalawi ambiri a ku Nkhata Bay omwe amagwira ntchito ku South Africa, ena mwa iwo akugona m'makalavani kapena kusamalira galimoto za mabwana awo. Mzinda wa Johannesburg uli pa mamita oposa 1,700, ndipo pa 10 Julayi 2023 kudagwa chipale. Kumadera ngati Free State ndi kumapiri a Lesotho chisanu chimabwereza usiku ndi usiku, moti galimoto yomwe yangoimikidwa pabwalo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti imafunika kukhetsedwa madzi onse isanatsekedwe.