KUSALA KUDYA M'MBIRI YA MPINGO: KUCHOKERA KU ANTIOKEYA KUFIKIRA KU MVERA

Mu mpingo wa ku Antiokeya wa ku Siriya mudali aneneri ndi aphunzitsi asanu, ndipo Luka afotokoza pa Machitidwe 13 kuti Mzimu Woyera adalankhula nawo pamene iwo adali kupembedza ndi kusala kudya. Atamva kuti Barnaba ndi Saulo ayenera kupatulidwa, sadathamangire kukakonza kamba wa paulendo, koma adasalanso kudya, napemphera, naŵasanjika manja. Pobwerera, atumwi aŵiriŵa adaika akulu m'mipingo ya ku Lustra, Ikonio ndi Antiokeya wa ku Pisidiya, ndipo adachita zimenezi ndi pemphero pamodzi ndi kusala kudya (Machitidwe 14:23). Motero umishoni ndiponso ukulu wa mpingo, zinthu ziŵiri zimene Sinodi iliyonse yaimapo, zidabadwira pakati pa anthu amene adayamba asiya chakudya kuti amve bwino chimene Mulungu afuna.

Mwambowo adautenga kwa Ayuda. M'chilamulo cha Mose mudali tsiku limodzi lokha pachaka limene mtundu wonse udalamulidwa kudzichepetsa motere, ndilo Tsiku la Chitetezo, tsiku lakhumi la mwezi wachisanu ndi chiŵiri (Levitiko 16). Yerusalemu atapasulidwa adawonjezapo masiku a chisoni m'mwezi wachinayi, wachisanu, wachisanu ndi chiŵiri ndi wakhumi, ndipo Afarisi a m'nthaŵi ya Yesu adali kusala kaŵiri pa mlungu. Koma masiku akamachuluka, aneneri nawonso adali kukweza mawu. Zekariya adafunsa anthu ngati m'zaka makumi asanu ndi aŵiri zija adasalira Mulungu kapena adadzisalira okha. Yesaya 58 adzudzula anthu osala kudya amene tsiku lomwelo apsinja antchito awo ndi kumenyana, ndipo atchula kusala kumene Mulungu akondwera nako: kumasula omangidwa, kugaŵira anjala chakudya, kulandira osoŵa pogona. Ambuye Yesu, amene adasala masiku makumi anayi m'chipululu, sadaike tsiku lililonse lokakamiza. Iye adaletsa nkhope yachisoni yofuna kuti anthu aione, nanenanso kuti ophunzira ake adzasala pamene mkwati adzachotsedwa pakati pawo.

Akhristu a m'zaka zoyambirira adasunga mwambowu mwa njira yawoyawo. Kabuku kakale kotchedwa Didache, kamene kadalembedwa chakumapeto kwa zaka za zana loyamba kapena chakumayambiriro kwa zana lachiŵiri, ndipo kadapezekanso ku Constantinople m'chaka cha 1873, kalangiza Akhristu kusala Lachitatu ndi Lachisanu, osati Lolemba ndi Lachinayi monga Ayuda. Kalangizanso kuti wobatizidwa asale tsiku limodzi kapena aŵiri ubatizo usanachitike, ndi kuti wobatizayo asale naye pamodzi. Chochititsa chidwi koposa ndi chimene ankachita ndi chakudya chimene sadadyecho. Buku la Mbusa wa Hermas, lolembedwa ku Roma m'zaka za zana lachiŵiri, liuza wosala kuti tsikulo alaŵe buledi ndi madzi okha, aŵerengere mtengo wa zimene akadadya, ndipo ndalamazo akazipereke kwa mkazi wamasiye, mwana wamasiye kapena mmphaŵi. Aristides wa ku Athens, polembera mfumu ya Roma kuteteza Akhristu, adachitira umboni kuti pakapezeka wosoŵa pakati pawo, iwonso alibe chotsala, ankasala masiku aŵiri kapena atatu kuti mbale wawoyo adye. Kwa iwo kusala sikudali kusunga ufa m'nkhokwe kuti udzadyedwe maŵa; ufawo unkatuluka m'nyumba.

Kusiyana kudalipo kuyambira pachiyambi, ndipo kudatsala pang'ono kung'amba Mpingo. Cha m'ma 190, Victor bishopu wa ku Roma adafuna kudula mipingo ya ku Asiya chifukwa cha tsiku la Paska. Irenaeus wa ku Lyon adamlembera kalata yomkumbutsa kuti ngakhale pa kusala kwa Paska isanafike anthu adali osiyana: ena tsiku limodzi, ena aŵiri, ena oposerapo, komabe makolo awo adakhala mumtendere, ndipo kusiyanako kudangotsimikiza umodzi wa chikhulupiriro chawo. Patapita zaka mazana aŵiri funso lofanana nalo lidavuta Monica, amayi ake a Augustine, popeza ku Roma ankasala Loŵeruka pamene ku Milan sankasala. Ambrose adayankha kuti iye mwini amatsata mwambo wa mpingo umene wafikako. Augustine, m'kalata yake kwa Casulanus, adavomereza kuti m'Chipangano Chatsopano apezamo kusala kudya kolamulidwa, koma masiku ake sapezamo.

Nthumwi za Sinodi zingakondwe kudziŵa kuti masiku makumi anayi a Paska isanafike atchulidwa m'lamulo lonena za masinodi. Msonkhano wa ku Nicaea wa m'chaka cha 325, m'lamulo lake lachisanu, udagamula kuti mabishopu a chigawo chilichonse azikumana kaŵiri pachaka, ndipo kukumana koyamba kuzichitika masiku makumi anayi aja asanayambe, kuti udani wonse uyambe wachotsedwa ndipo mphatso yoperekedwa kwa Mulungu ikhale yoyera. Makolo aja adaona kuti sikutheka kuloŵa m'nyengo ya kusala milandu ya abale ili chikhalire. Mu Afrika muno nyengoyi idazika mizu ku Igupto ndi ku Ethiopia, kumene Mpingo wa Orthodox umasala masiku 55 Paska isanafike, osadya nyama, mazira kapena mkaka.

Zaka zitapita mazanamazana, chimene chidayamba ngati chida cha pemphero chidasanduka lamulo la Mpingo ndi la boma lomwe. Wodya nyama m'nyengo yoletsedwa ankalipitsidwa, wolemera ankagula chilolezo, ndipo nsomba zonona zinkadzaza magome a anthu amene ankati akusala. Kukonzanso kwa Mpingo, kumene ambiri amakutcha Chikonzedwe, ku Switzerland kudaphulikira pa nkhani yomweyi. Pa 9 Marichi 1522, Lamulungu loyamba la nyengo ya kusala, m'nyumba ya Christoph Froschauer, mwini makina osindikizira mabuku ku Zurich, anthu ngati khumi ndi aŵiri adagaŵana masoseji aŵiri. Huldrych Zwingli adalipo. Iye sadadye nawo, koma sadaŵaletsenso. Mlandu utafika kwa akuluakulu a mzinda, Zwingli adalalika pa 23 Marichi za ufulu wa Mkhristu pa zakudya, ndipo ulalikiwo udasindikizidwa mwezi wotsatira. Mfundo yake idali yakuti wofuna kusala asale, wosafuna asakakamizidwe, pakuti palibe munthu amene angamange chikumbumtima pa chinthu chimene Mulungu sadamange.

Apa ndipo pamene ana ambiri a Chikonzedwe amalekera kuŵerenga mbiri, namaganiza kuti makolo awo adataya kusala kudya pamodzi ndi zolakwa zina za nthaŵi ija. Sizidatero ayi. John Calvin, m'buku lachinayi la Institutes, mutu 12, adapatula ndime zisanu ndi zitatu pa nkhaniyi, ndipo adaiika pansi pa mwambo wa Mpingo, pafupi ndi kudzudzula ndi kudula ochimwa. Adatchula zolinga zitatu. Choyamba ndicho kugonjetsa thupi kuti lisapulukire; ichi adati nchoyenera munthu payekha, popeza matupi ndi thanzi la anthu nzosiyana. Chachiŵiri ndicho kukonzekeretsa mtima ku pemphero ndi kusinkhasinkha zoyera, pakuti aliyense adziŵa kuti mimba yokhuta siikweza maganizo kwa Mulungu. Chachitatu ndicho kuchitira umboni kudzichepetsa pamaso pa Mulungu povomereza kulakwa. Ziŵiri zotsirizazi adati nzoyenera munthu mmodzi ndiponso mpingo wonse, ndipo adalangiza abusa kuitana anthu kuti asale pakagwa mliri, njala kapena nkhondo, pakabuka mkangano wa chiphunzitso wofunika kuuthetsa pa sinodi, ndi posankha mbusa. Komabe munthu yemweyo adachenjeza kolimba kuti kusala kopanda mtima wosweka nchinyengo, kuti sikugula kanthu kwa Mulungu, ndipo kuti nkwabwino kusasala nkomwe kusiyana ndi kusala mwa zikhulupiriro zopotoka. Nyengo ya masiku makumi anayi adaikana, ati poti kusala kwa Khristu m'chipululu kudali chizindikiro cha utumiki wake, osati chitsanzo chobwereza chaka ndi chaka.

Mipingo iŵiri imene idatumiza amishoni kudera la Nyanja ya Malaŵi idatenga chiphunzitso chimenechi. Ku Scotland, Msonkhano Waukulu wa mu Disembala 1565 udalamula kusala kwa dziko lonse, ndipo John Knox ndi John Craig adalemba dongosolo lake la masiku asanu ndi atatu, limene lidasindikizidwa m'chaka cha 1566. Ku Holland, malongosoledwe a Mpingo a Sinodi ya ku Dordrecht ya 1618 mpaka 1619 adanena pa mfundo 66 kuti pa nthaŵi ya nkhondo, mliri, chizunzo ndi masautso ena aakulu abusa apemphe boma kuti liike masiku a kusala ndi kupemphera. Buku la chipembedzo la ku Westminster la 1645 lidafotokoza kuti pa tsiku lotere munthu asiye chakudya chonse, ntchito zake, zosangalatsa ndi zovala zonyadira, koma lidamasula wofooka m'thupi kuti alaŵe pang'ono angakomoke. Ndipo m'midzi ya ku Scotland Mgonero wa Ambuye unkayamba Lachinayi ndi tsiku la kusala, Loŵeruka nkukhala la kukonzekera, Lolemba la kuyamika. Nzachisoni kuti m'mizinda ikuluikulu Lachinayi lija lidasanduka tchuthi cha kukayenda, dzina lokha la kusala nkutsala, kufikira lidathetsedwa.

Mitsinje iŵiriyi idakumana m'banja la a Murray. Andrew Murray wamkulu adachoka ku Scotland m'chaka cha 1822 nakhala mbusa wa Dutch Reformed Church ku Graaff-Reinet. Mwana wake, Andrew Murray, adali mbusa ku Worcester pamene chitsitsimutso cha 1860 chidafika kumeneko, ndipo m'buku lake lonena za sukulu ya pemphero la m'chaka cha 1885 adapatula mutu wathunthu wa pemphero ndi kusala kudya. Adafanizira ziŵirizi ndi manja aŵiri a munthu, lina logwira zosaoneka, lina lotaya zooneka. (Ophunzira Chigriki adzakumbuka kuti ndime imene iye adatsamirapo, Mateyu 17:21, mulibe m'mipukutu ina yakale koposa, monganso mawu onena za kusala pa Marko 9:29, koma chiphunzitsocho sichiima pa ndime imodzi yokha.) Murray yemweyu adatsogolera abusa anzake kukhazikitsa bungwe lawo la umishoni m'chaka cha 1886, ndipo bungwelo lidatumiza Andrew Charles Murray, mwana wa mbale wake, amene pamodzi ndi T.C.B. Vlok adamanga hema pa Mvera, m'dziko la Mfumu Chiŵere, pa 28 Novembala 1889. Apo nkuti a Livingstonia atafika kale m'chaka cha 1875 ndi a Blantyre m'chaka cha 1876.

Uthenga utafika kuno udapeza mawu akuti kusala ali kale ndi katundu wake. Achewa ankadziŵa kusala ndi kudika: mayi kusathira mchere m'ndiwo pa masiku ena, banja kudika mwana akabadwa, pa maliro kapena pa chinamwali, kuwopa mdulo. Kusala kumeneko kudali kwa mantha, kotchinjiriza tsoka, ndipo mphamvu yake idali m'kusunga mwambo mosaphonya. Mkhristu woŵerenga Buku Lopatulika, limene lidatuluka lathunthu m'chaka cha 1922, akadatha kumva mawuwo ndi makutu akalewo, nayesa kuti akasala masiku okwanira Mulungu sangachitire mwina koma kuyankha. Ichi ndicho cholakwa chomwe chija Calvin adalimbana nacho, chitangovala nsalu ina.

Padalinso chinthu china cholemera. Anthu a kuno amaidziŵa njala. Mwezi wa Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, mabanja ambiri amadya kamodzi patsiku popanda mbusa kulengeza kanthu. Amene adaona njala ya 1949, kapena ya 2002, sangamve mopepuka mlaliki wokhuta akuŵauza za ubwino wogona ndi njala. Njala ndi tsoka logwera munthu. Kusala ndi chinthu chimene munthu asankha yekha ali nacho choti adye. Chifukwa chake langizo la Hermas ndi la Yesaya 58 lilasa makamaka amene ali ndi malipiro a pamwezi, abusa ali m'gulu lomwelo, osati mayi wamasiye amene mbale yake ili kale yopanda kanthu.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, pamene magulu a chitsitsimutso ndi mipingo ya Chipentekoste idachuluka m'mizinda ya Malaŵi, Zambia ndi Zimbabwe, kusala kudya kudabwereranso ndi mphamvu. Akhristu ambiri a mipingo ya Chikonzedwe amakwera mapiri kukapemphera, ndipo ena amasala masiku 21 poyamba chaka. Njala yawo ya Mulungu siyoyenera kuinyoza, ndipo idzudzula mipingo imene idasunga mabuku a makolo koma nkuleka mwambo wolembedwa m'mabukumo. Koma kaŵirikaŵiri cholinga chimakhala ntchito, ukwati, malonda kapena chitupa cha ulendo, ndipo odwala matenda a shuga, amayi oyembekezera ndi akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku amasala popanda woŵalangiza za chifundo chimene a ku Westminster adachilemba poyera. Cholinga chachitatu cha Calvin, chakuti mpingo wonse uvomereze kulakwa kwake pamodzi, ndicho chimene chamveka pang'ono koposa, ngakhale m'zaka zimene mikangano ya malire, ya maudindo ndi ya chuma yafikitsa abale ku mabwalo a milandu a boma. Malongosoledwe a masinodi amafotokoza bwino za chiŵerengero cha mavoti ofunika posankha mkulu wa mpingo kapena poitana mbusa. Za kusala kumene kudatsagana ndi ntchito yomweyo ku Lustra ndi ku Ikonio, ndi kumene Calvin adakulangiza posankha mtumiki, nkhaniyo idakali m'manja mwa mabwalo a mipingo, mapresbiterio ndi nthumwi za Sinodi.