Nthano Zinalowa M'buku

Kale kuno ku Amaramba tinalibe mabuku, koma nthano tinali nazo. Madzulo, anthu atabwerako kunyanja ndi kumunda, agogo ankayamba kuti, "Padangotero," ife n'kuyankha kuti, "Tili tonse." M'nthanomo Kalulu ankapusitsa Njobvu, ndipo mbalame zinkalankhula ngati anthu. Tinkadziwa kuti n'zopeka, komabe tinkazikonda, ndipo zinkatiphunzitsa kuopa dyera ndi nkhanza.

Pa nthawi ya Apwitikizi ambiri a ife sitinapite kusukulu. Pamene tinalandira ufulu mu 1975, anthu 9 mwa 10 alionse sankadziwa kuwerenga. Mu 1978 boma linayambitsa maphunziro a akuluakulu, koma m'Cipwitikizi. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo inabalalitsa midzi, ndipo ambiri anathawira ku Malawi mpaka mtendere unadza mu 1992. Okalamba ambiri anapita nazo kumanda nthano zao.

Koma nthano zolembedwa sizinafe. Ku Malawi, John Gwengwe analemba buku la Sikusinja ndi Gwenembe, m'mene mbalame imaulula munthu amene anapha mbale wace. Kwathu kuno, mu 1992, Mia Couto anatulutsa Terra Sonâmbula. M'bukumo mnyamata amatola makope pafupi ndi basi yopsereza, namawerengera nkhalamba usiku nkhani zodabwitsa, nkhondo ili mkati.

Kale nkhalamba inkasimbira mwana. Tsopano wodziwa zilembo angathe kuwerengera mudzi wonse. Tiyeni tiphunzire, kuti tilembe nthano za agogo athu akali moyo.