Momwe boma la America lidathandizira eni nyumba asanaphonye ngongole

Ku America anthu ambiri amagula nyumba pangongole ya kubanki yomwe amabweza mwezi ndi mwezi, kawirikawiri kwa zaka 30, ndipo nyumbayo ndiyo chikole. Chuma chitagwedezeka mu 2008, mitengo ya nyumba idatsika, anthu ambiri adachotsedwa ntchito, ndipo mabanki adayamba kulanda nyumba za olephera kubweza. Padalinso mabanja ena omwe ankabwezabe panthawi yake koma movutikira, akudziwa kuti posachedwa alephera.

Mu February 2009, mtsogoleri wa dzikolo, Barack Obama, adalengeza ndondomeko yomwe idadzatchedwa Making Home Affordable. Mfundo yake ina yaikulu idali yoti munthu athandizidwe asanaphonye ngakhale mwezi umodzi. Thandizoli lidali ndi nthambi ziwiri zikuluzikulu.

Yoyamba, Home Affordable Modification Program, mwachidule HAMP, inkasintha mgwirizano wa ngongole yomwe ilipo kale. Woyenera adali yemwe adatenga ngongole pofika 1 January 2009, akukhala m'nyumbamo, ndipo ngongole yotsala siidapitirire madola 729,750 panyumba ya banja limodzi. Yemwe sadaphonyepo ankayenera kusonyeza kuti watsala pang'ono kulephera. Ankalemba kalata yolumbira yofotokoza vuto lake, monga kuchepa kwa malipiro, matenda kapena imfa ya mnzake wa pabanja, ndi kupereka umboni wa ndalama zomwe amapeza.

Cholinga chidali choti ndalama yobweza pamwezi itsike kufika 31 peresenti ya zomwe munthu amapeza asanadulidwe msonkho. Kampani yotolera ngongole inkayamba ndi kutsitsa chiwongoladzanja, mpaka 2 peresenti ngati padafunika. Zikapanda kukwanira, inkatalikitsa nthawi yobwezera mpaka zaka 40, kenako inkaika padera gawo lina la ngongole kuti lidzabwezedwe kumapeto. Munthu ankayesedwa kaye miyezi itatu mgwirizano watsopano usanakhazikike. Chiwongoladzanja chotsikacho chinkakhala zaka zisanu, kenako chinkakwera pang'onopang'ono mpaka pamlingo woikika.

Boma linkalimbikitsa kuthandiza anthu msanga powonjezera madola 500 kwa kampani yotolera ndi madola 1,500 kwa mwini ngongoleyo akasintha mgwirizano wa munthu yemwe sadaphonye. Mwini nyumba wobweza mokhulupirika ankachotseredwa ndalama zofika madola 1,000 pachaka pangongole yake kwa zaka zisanu.

Nthambi yachiwiri, Home Affordable Refinance Program, mwachidule HARP, idali ya anthu okhawo obweza panthawi yake, omwe ngongole zawo zidali m'manja mwa Fannie Mae kapena Freddie Mac, mabungwe omwe boma lidayamba kuwayang'anira mu September 2008. Ambiri mwa anthuwa adali ndi ngongole yoposa mtengo wa nyumba zawo, motero banki sikadawapatsa ngongole ina. HARP idawalola kutenga ngongole yatsopano ya chiwongoladzanja chotsika m'malo mwa yakale. Poyamba ngongole siinkayenera kupitirira 105 peresenti ya mtengo wa nyumba. Malirewo adakwezedwa kufika 125 peresenti mu 2009, ndipo kumapeto kwa 2011 boma lidalengeza kuti lawachotsa pangongole za chiwongoladzanja chosasintha.

Zotsatira zidasiyana. HARP idathandiza pangongole zoposa 3 miliyoni isanathe mu December 2018. HAMP, yomwe idasiya kulandira makalata mu December 2016, siidafike pachiwerengero cha mabanja 3 mpaka 4 miliyoni chomwe boma lidalonjeza. Eni nyumba ambiri adadandaula kuti makampani otolera ankataya zikalata zawo, ndipo ena adauzidwa molakwika kuti ayambe aphonya kaye, zomwe zidawononga mbiri yawo ya ngongole.

M'malo mwa HAMP, Fannie Mae ndi Freddie Mac adayambitsa Flex Modification mu 2017. Nayonso imalandira munthu yemwe sadaphonye, bola asonyeze kuti vuto lake ndi lenileni ndipo kulephera kwayandikira.