Blantyre Winayo: Mudzi wa M'mbali mwa Clyde

Ambiri a ife tikamva dzina loti Blantyre, maganizo amathamangira ku Ndirande, ku Soche ndi kumtsinje wa Mudi. Komatu dzinali n'lobwereka. Mwini wake ndi mudzi wina wa ku Scotland, umene uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 13 kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda wa Glasgow.

Mudziwo uli pakati pa mitsinje iwiri, Clyde ndi Rotten Calder. Poyamba anthu ankakhala kumtunda, kumene kumatchedwa High Blantyre. Anali alimi wamba olima oats ndi balere, komanso oweta ng'ombe. Kwa ena mwa iwo minda sinali yawo, koma ya eni malo amene ankalandira lendi chaka ndi chaka. Ena ankawomba nsalu m'nyumba zawo kuti apezeko kangachepe.

Zinthu zinasintha mu 1785, pamene David Dale ndi mnzake anamanga fakitale yopota thonje m'mphepete mwa Clyde. Chinawakopa si nthaka ayi, koma mphamvu ya madzi yoyendetsera makina. Mudzi watsopano unamera pamenepo, ndipo anthu amene ulimi unawakanika kwawo anakhamukirako. Mmodzi mwa iwo anali Neil Livingstone, wochokera pachilumba cha Ulva, amene anafika mu 1792. Mdzukulu wake David anabadwa pa 19 Malichi 1813 m'nyumba ya chipinda chimodzi ku Shuttle Row. Ali ndi zaka 10 analowa ntchito yolumikiza ulusi woduka, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku.

Apa m'pamene pagona nkhani. Thonje silimera ku Scotland. Limene linkapotedwa m'mafakitale a ku Britain masiku amenewo, lambiri linkalimidwa ndi akapolo ku America. Choncho mwana amene anadzadana ndi ukapolo anakulira pa thukuta la akapolo. N'chifukwa chake ataona thonje m'chigwa cha Shire mu 1859, anakhulupirira kuti malonda a thonje la anthu aufulu angathe kugwetsa malonda ogulitsa anthu.

Kwawoko, thonje linatsatidwa ndi malasha. Pa 22 Okutobala 1877 mgodi unaphulika n'kupha anthu oposa 200, ena mwa iwo ana. Apa n'kuti patangotha chaka chimodzi amishoni a Church of Scotland atapereka dzina la mudziwo kumalo awo atsopano kuno kwathu. Kampani ya thonje ija inagwa mu 1904, ndipo migodi nayo inadzatsekedwa.

Lero Blantyre wa ku Scotland ndi tauni yaing'ono, ndipo Shuttle Row ndi nyumba yosungiramo mbiri, imene inatsegulidwa mu 1929. Malonda anamanga mudziwo kawiri, n'kuusiyanso kawiri. Mtsinje wa Clyde wokha ndi umene sunasamuke.